Zoyenera kufufuza foni yakale ikamatha moto msanga ndi kutentha

PHALOMBE – Ntchito zambiri za boma zomwe kale zinkalembedwa m'makaundula a mapepala tsopano zikudutsa pa lamya za m'manja, ndipo izi zachititsa kuti batire la foni likhale chida cha ntchito mofanana ndi njinga kapena cholembera.

M'dera la Mfumu Yaikulu Jenala m'boma la Phalombe, komwe midzi yambiri ili kutali ndi mawaya a magetsi, foni ikatha moto masana ndiye kuti ntchito ya tsikulo yaima. Mlangizi wa zaumoyo yemwe wapalasa njinga kuchoka pa Chitekesa kukachititsa sikelo ya ana kumudzi sangasiye amayi pamzere kuti abwerere pamsika kukatchajitsa foni. Chimodzimodzinso mlangizi wa zaulimi yemwe akulemba maina a alimi, kapena mphunzitsi wamkulu yemwe akuyenera kutumiza chiwerengero cha ophunzira ku ofesi ya maphunziro tsiku lomwelo.

Vutoli limadziwika ndi zizindikiro zofanana. Foni yomwe inkatha masiku awiri osatchaja imayamba kutha moto nthawi ya nkhomaliro isanakwane, imatentha ili m'thumba, ndipo nthawi zina imazima yokha ikuonetsa kuti mudakali moto wokwana 30 peresenti.

Anthu ambiri akaona izi amathamangira kugula batire lina kapena kutenga ngongole ya foni yatsopano. Komatu magwero a vutoli amakhala atatu, omwe ndi kukalamba kwa batire, kuchuluka kwa ntchito yomwe foni ikugwira, ndi kutentha kochokera ku dzuwa kapena ku katchajidwe. Awiri omalizawa munthu angathe kuwathetsa osataya ndalama, choncho ndi bwino kufufuza kaye mwadongosolo.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza ogwira ntchito m'boma

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa mu 2018 anachitika pogwiritsa ntchito matabuleti m'malo mwa mapepala. Mu ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, yomwe inayamba mu 2020, zitupa za unzika za alimi zinkaunikidwa ndi foni pamalo ogulitsira feteleza. Nawo Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa njira ya iCHIS yomwe alangizi a zaumoyo amalembera pa foni kapena tabuleti nkhani za mabanja ndi odwala a m'midzi.

Izi zili chomwechi, kalembera wa 2018 yemweyo anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse m'dziko muno ndi omwe ankawunikira magetsi m'nyumba zawo. Izi zikutanthauza kuti wogwira ntchito kumudzi kawirikawiri amadalira sola, batire la galimoto kapena malo otchajitsa mafoni pamsika, ndipo moto womwe wanyamuka nawo m'mawa ndi womwe uyenera kumufikitsa madzulo.

Momwe batire limakalambira

Mafoni amakono amagwiritsa ntchito mabatire a mtundu wa lithium-ion, omwe kampani ya Sony ya ku Japan inayamba kugulitsa mu 1991. Mu 2019 akatswiri atatu, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel kaamba ka luso limeneli.

M'kati mwa batire lotere muli mbali ziwiri zolekanitsidwa ndi kachikopa kopyapyala kwambiri, ndipo zonse zili m'timadzi ta mankhwala. Potchaja, tizidutswa ta lithium timasamuka kuchoka mbali imodzi kupita inayo, ndipo foni ikamagwira ntchito timabwerera komwe tinachokera. Pa ulendo uliwonse tina timakodwa panjira n'kusanduka litsiro lomwe limamatirira m'kati, moti sitigwiranso ntchito.

Zotsatira zake ndi ziwiri. Choyamba, batire limasunga moto wochepa kusiyana ndi kale, ngati ndowa yomwe pansi pake pakwirira matope: imaoneka yodzadza koma madzi ake ndi ochepa. Chachiwiri, magetsi amavutika kudutsa m'kati mwake, ndipo kuvutikako kumatulutsa kutentha. N'chifukwa chake batire lakale limalephera foni ikafuna mphamvu zambiri nthawi imodzi, monga pojambula chithunzi kapena potumiza lipoti, mpaka foniyo kuzima.

Kampani ya Apple inanena kuti mabatire a iPhone 14 ndi mafoni ake a m'mbuyo mwake anapangidwa kuti azisungabe 80 peresenti ya mphamvu zawo akatchajidwa modzadza maulendo 500. Munthu yemwe amatsiriza moto wonse tsiku lililonse amakwanitsa maulendo amenewa chaka ndi theka chisanathe. Potengera muyeso womwewu, batire lolembedwa 5000 mAh limakhala likusunga pafupifupi 4000 mAh basi.

Mu Disembala 2017 kampani yomweyi inavomera kuti inkachepetsa liwiro la mafoni ena akale pofuna kuwateteza kuti asamazime mwadzidzidzi chifukwa cha mabatire okalamba. Choncho kukalamba kwa batire kumachitika pa foni ya mtundu uliwonse, kaya ndi Tecno, itel, Samsung kapena iPhone. Chomwe mwini foni angathe kuchita ndi kuchedwetsa kukalambako.

Dzuwa la m'chigwa cha Phalombe

Mdani wamkulu wa batire ndi kutentha. Malangizo a Apple amati mafoni ake azigwiritsidwa ntchito pamalo pomwe sipakutentha kuposa madigiri 35, chifukwa kupyola pamenepo batire lingathe kuonongeka osabwereranso m'chimake.

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, masana m'chigwa cha Phalombe ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa kutentha kumadutsa madigiri 30 ngakhale pamthunzi. Foni yomwe yasiyidwa patebulo padzuwa panthawi ya msonkhano, pawindo la ofesi ya malata, kapena kutsogolo kwa galimoto yotseka mawindo, imatentha kuposa pamenepo.

Foni ikatentha, mwini wake ayenera kuichotsa pa tchaja, kuivula chikwama chake cha pulasitiki kapena chikopa, kuizimitsa ndi kuiika pamthunzi podutsa mphepo kufikira itazizira. Si bwino kuiika m'firiji kapena kuikulunga ndi nsalu yonyowa, poti kuzizira kwadzidzidzi kumabweretsa chinyezi m'kati chomwe chimaononga zipangizo.

Netiweki yovuta imadya moto

Chifukwa chomwe anthu ambiri sachiganizira ndi netiweki. Foni imalumikizana ndi nsanja ya netiweki nthawi zonse, ngakhale mwini wake sakuimba. Nsanjayo ikakhala patali, kapena pakati pakakhala phiri kapena zipupa zochindikala, foni imaonjezera mphamvu zake zotumizira uthenga, monga momwe munthu amakwezera mawu poitana mnzake yemwe ali tsidya lina la mtsinje. Netiweki ikasoweratu, foni imapitiriza kuisakasaka, ndipo moto umatha foniyo ili m'thumba.

Vutoli limakula pa mafoni okhala ndi ma SIM awiri, monga momwe ambiri amachitira poika Airtel ndi TNM mu foni imodzi, chifukwa mizere yonse iwiri imakhala ikusaka nsanja zawo. Limakulanso pamalo pomwe 4G ndi yofooka, pomwe foni imangosinthasintha pakati pa 4G, 3G ndi 2G.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona. Ngati foni imasunga moto bwino mwini wake akakhala ku Migowi kapena ku Phalombe boma, koma n'kumatha msanga akapita kumidzi ina, vuto lalikulu ndi netiweki ya kumidziko.

Mankhwala ake ndi kuzimitsa SIM yomwe sikugwira m'deralo, kuzimitsa intaneti pomwe sikufunika, kapena kusankha 3G kapena 2G mu Settings pa gawo la netiweki pamene munthu akungofuna kuimba ndi kulandira mauthenga. Mapulogalamu ambiri olembera nkhani za kumudzi anapangidwa kuti azigwira ntchito popanda intaneti, choncho mlangizi angathe kuyatsa airplane mode panthawi yolemba, n'kudzatumiza zonse akafika pomwe netiweki ili bwino. Chofunika kukumbukira n'chakuti foni ikakhala pa airplane mode palibe angaimbe, kotero ndi bwino kugwirizana ndi ofesi za nthawi yomwe munthu azipezeka.

Kufufuza mwadongosolo

Choyamba ndi kuona chomwe chikudya moto. Pa mafoni a Android, mu Settings muli gawo la Battery lomwe limaonetsa mndandanda wa mapulogalamu ndi moto womwe iliyonse yadya. Ngati pamwamba pa mndandandawo pali pulogalamu yomwe mwini foni sanaitsegule tsikulo, imeneyo ndiyo ikugwira ntchito mobisa, ndipo iyenera kuletsedwa kapena kuchotsedwa.

Chachiwiri ndi sikirini, yomwe pa mafoni ambiri ndiyo imadya moto wochuluka. Munthu akamalemba padzuwa amakweza kuwala mpaka pamapeto, zomwe zimatentha foni ndi kutsiriza batire. Kukhala pamthunzi polemba, kuchepetsa kuwala ndi kutchera kuti sikirini izizima pakatha masekondi 30 kumathandiza kwambiri.

Chachitatu ndi zinthu zomwe zimasiyidwa zoyaka popanda ntchito, monga hotspot, Bluetooth, Wi-Fi ndi GPS. Hotspot imatentha foni kwambiri chifukwa foni imakhala ikulandira ndi kugawa intaneti nthawi imodzi. GPS imafunika pa mapulogalamu ena a boma omwe amalemba malo a nyumba, mjigo kapena munda, choncho iyatsidwe panthawi ya ntchitoyo ndi kuzimitsidwa ikatha.

Chachinayi ndi magulu a WhatsApp. Wogwira ntchito m'boma amapezeka m'magulu ambiri, a ku ofesi, a kumpingo, a banki m'khonde ndi a pachibale, ndipo foni ikatcheredwa kuti izitsitsa yokha zithunzi ndi mavidiyo onse, imadya bandulo, moto ndi malo osungira zinthu. Ndi bwino kuletsa kutsitsa kotereku kuti munthu azisankha yekha chofuna kutsegula.

Chachisanu ndi mapulogalamu omwe amalonjeza kuziziritsa foni, kuichapa kapena kuonjezera moto. Palibe pulogalamu yomwe ingabwezeretse batire lokalamba, ndipo ambiri mwa mapulogalamu amenewa amangoonetsa malonda n'kumadya moto womwe akuti akusungawo. Ayenera kuchotsedwa, pamodzi ndi ena onse omwe anaikidwa kuchokera kosadziwika.

Mayeso a usiku

Zimenezi zikachitika koma vuto n'kumapitirira, pali mayeso omwe munthu angachite kunyumba. Usiku woyamba atchaje foni kufika pa 100, aichotse pa tchaja, ayatse airplane mode ndi kuisiya osaigwira mpaka m'mawa. Usiku wachiwiri achite chimodzimodzi koma netiweki ndi intaneti zili zoyaka.

Ngati usiku woyamba moto watsika pang'ono chabe koma wachiwiri watsika kwambiri, gwero ndi netiweki kapena mapulogalamu odalira intaneti. Ngati watsika kwambiri usiku wonse uwiri, abwerezenso foni ili pa safe mode, njira yomwe imayatsa foni popanda mapulogalamu omwe mwini wake anaika. Pa mafoni ambiri a Android, safe mode imapezeka podina batani lozimitsira, kenaka n'kugwira kwa kanthawi pomwe palembedwa Power off. Moto ukasungika bwino pa safe mode, cholakwa chili pa imodzi mwa mapulogalamu ochita kuikidwa. Ukathabe, vuto lili pa batire kapena pa zipangizo za m'kati.

Batire lotheratu limadziwikanso ndi izi: limadzadza msanga modabwitsa n'kuthanso msanga, manambala a moto amadumpha kuchoka pa 60 kufika pa 35 m'kanthawi kochepa, ndipo foni imazima isanafike pa ziro n'kudzayakanso ikalumikizidwa ku tchaja. Mafoni a iPhone amaonetsa thanzi la batire pa gawo la Battery Health, pomwe a Samsung ali ndi mayeso a batire mu pulogalamu ya Samsung Members.

Katchajidwe

Tchaja yabwino imasandutsa magetsi a pakhoma kukhala magetsi ochepa ndi okhazikika omwe foni imafuna. Matchaja achinyengo amasowa zipangizo zotetezera, moti amatentha okha ndi kutenthetsanso foni. Tchaja ikamalira, kununkha kupsa, kapena kuchititsa kuti sikirini izidinika yokha panthawi yotchaja, iyenera kutayidwa. Yemwe amatchajitsa pamsika angachite bwino kupita ndi tchaja ndi chingwe chake, ndi kupempha kuti foni yake isaunjikidwe pamodzi ndi ena kapena kuikidwa padzuwa.

Kutchaja foni ili pansi pa pilo, pamatiresi kapena m'chikwama n'koopsa chifukwa kutentha kumasowa kotulukira. Kuonera vidiyo kapena kuyatsa hotspot foni ili pa tchaja kumaphatikiza kutentha kuwiri nthawi imodzi.

Magetsi akathima, ndi bwino kuzula tchaja pakhoma, chifukwa nthawi zina amabwerera ndi mphamvu zopyola muyeso. Aliyense akukumbukira kuthimathima kwa magetsi komwe kunadza namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, zomwe zinachotsa mamegawati pafupifupi 130 kufikira malowo atakonzedwa mu 2023. M'nyengo zotere anthu amatchaja paliponse ndi chilichonse, ndipo ndi pomwe mabatire amaonongeka.

Chikhulupiriro chakuti batire liyenera kutheratu moto lisanatchajidwe chinachokera ku mabatire akale a nickel. Batire la lithium-ion limakhalitsa likamatchajidwa lisanatsike kwambiri, makamaka pakati pa 20 ndi 80 peresenti. Wopita kumudzi tsiku lonse ayenera kudzadza ndithu kufika pa 100, koma chofunika kupewa ndi kusiya foni yopanda moto kwa masiku ambiri. Matabuleti a boma omwe akusungidwa podikira ntchito ina azisungidwa ozimitsa, ali ndi moto wa theka, pamalo pozizira, ndipo aziunikidwa pakapita miyezi ingapo.

Madzi nawo amasiya matenda obisika. Phalombe ndi limodzi mwa maboma omwe anakhudzidwa kwambiri ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo dzinja lililonse alangizi amaoloka mitsinje ndi kunyowa ndi mvula. Foni yomwe inanyowapo ingathe kuyamba dzimbiri pabowo potchajira kapena m'kati, zomwe zimaitenthetsa ndi kuba moto ngakhale patapita miyezi. Foni yonyowa izimitsidwe msanga ndipo isatchajidwe kufikira itaumitsitsa.

Batire likatupa

Pali chizindikiro chimodzi chomwe sichifuna kudikira. Ngati chivundikiro cha kumbuyo chayamba kutukuka, sikirini yayamba kumatuka m'mbali, kapena foni ikugwedera ikaikidwa patebulo losalala, ndiye kuti batire latupa chifukwa cha mpweya womwe wapangika m'kati mwake. Foni yotero isatchajidwenso ndipo isanyamulidwe m'thumba la chovala.

Batire lotupa lisabooledwe ndi singano, lisapanikizidwe kapena kumangidwa ndi mphira kuti chivundikiro chitsekeke. Kachikopa kolekanitsa mbali ziwiri kaja kakang'ambika, batire limayaka moto wamphamvu komanso kutulutsa utsi woipa. Mu 2016 kampani ya Samsung inasiya kupanga foni ya Galaxy Note 7 ndi kuitanitsa onse omwe anagulitsidwa mafoni ena atayaka, ndipo mu Januwale 2017 inalengeza kuti vuto linali pa kapangidwe ka mabatire. Nkhaniyo inali ya mafoni atsopano, koma inaonetsa dziko lonse kuopsa kwa moto wa batire la lithium.

Podikira kuti likachotsedwe, foniyo iikidwe pasimenti kapena pamchenga, kutali ndi udzu, mapepala, petulo ndi ana. Batire lochotsedwa lisaponyedwe pamoto kapena m'dzenje la zinyalala zomwe zimatenthedwa. Malangizo omwewa akukhudzanso power bank, poti m'kati mwake mulinso mabatire a mtundu womwewu.

Foni ya boma ndi zinsinsi za anthu

Mayeso akaonetsa kuti batire latha, kusintha batire lokha kumatsika mtengo kusiyana ndi kugula foni ina, bola ngati foniyo ikutsegulabe mapulogalamu a ntchito. Batire latsopano liyenera kukhala la nambala yofanana ndi lakale, ndipo pa mafoni omwe batire lake ndi lomata m'kati, ntchito yochotsa isiyidwe kwa mmisiri wodziwa.

Ngati foni kapena tabuleti ndi ya boma kapena ya bungwe, wogwira ntchito asapite nayo yekha kwa mmisiri wa pamsika. Adziwitse mkulu wake polemba kalata, pofotokoza zizindikiro zomwe waona ndi mayeso omwe wachita, kuti ofesi iganize zoikonza kapena kuisintha motsata ndondomeko ya katundu wa boma.

Chifukwa china n'chakuti mafoni amenewa amasunga maina a odwala, manambala a zitupa za unzika ndi mndandanda wa olandira thandizo monga la Mtukula Pakhomo. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, lomwe limayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limafuna kuti osunga nkhani zotere aziziteteza. Choncho foni isanaperekedwe kwa wokonza aliyense, nkhani zonse za ntchito zitumizidwe kaye ku likulu, mapulogalamu a ntchito atsekedwe, SIM ndi memori khadi zichotsedwe, ndipo nambala zachinsinsi za Airtel Money kapena Mpamba zisauzidwe munthu.

Kwa oyang'anira ntchito m'maofesi a boma la Phalombe ndi kwina, ndi chinthu chanzeru kulemba m'kaundula chaka chomwe foni kapena tabuleti iliyonse inaperekedwa, ndi kuika ndalama zosinthira mabatire mu ndondomeko ya zachuma, popeza batire limatha foni idakali yamoyo.

Kwa mlangizi yemwe foni yake yayamba kuzimazima, chofunika koposa ndi kutumiza ntchito ya tsikulo akangopeza netiweki, osadikira kutha kwa mwezi. Batire lingagulidwe lina, koma maina a ana omwe analandira katemera akatsekeredwa mu foni yakufa, mlangizi amayenera kubwerera khomo ndi khomo kukalembanso.